Mkulu wake wakhala akumudyetsa phala mwana wa miyezi itatu, ndichite bwanji?

Make Tadala: Mwaswera bwanji amayi anzanga. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamng'ono ali ndi miyezi itatu ndi masabata awiri, ndipo chibadwire sindinamupatseko chilichonse kupatula bere, monga anatiuzira kusikelo. Kapena ndinene kuti ndimaganiza choncho. Lolemba ndikumusintha thewera ndinaona chimbudzi chasintha, cholimbirako, fungo lake ngati la munthu wamkulu, muli tinyenyeswa tachikasu. Ndinayamba ndakayikira aneba omwe amandiyang'anirako ana ndikapita kukagulitsa tomato kumsewu masana. Koma ayi. Ndi Tadala, woyamba wanga wa zaka 8. Phala lomwe amalandira kusukulu amamwa theka, theka lina amabwera nalo m'kapu yake atavindikira ndi pepala, n'kulibisa kuseri kwa ndowa. Ndikangochoka 2 koloko, mwana akayamba kulira, amamupatsa ndi chala. Tsiku lina anamutafunira mbatata. Akuti wakhala akuchita izi masabata awiri. Ndisaname, ndinamumenya. Pano sakufunanso kumugwira mng'ono wake, ngakhale kumuyang'ana. Bambo ake akuti vuto ndi ine. Funso langa: kodi mwanayu wawonongeka m'mimba? Ndipitirize phalalo poti wazolowera kale, kapena ndisiye?

Nabanda wa ku 25: Pepani mayi. Musanapite patali, mwanayo ali bwanji lero? Akuyamwa? Sakutsegula m'mimba?

Make Tadala: Akuyamwa koma mwaulesi, masana makamaka. Kutsegula ayi. Dzana anavutika kuchita chimbudzi, amadzikanira mpaka kufiira nkhope.

Nasibeko: Ine ndilankhula mosapsatira. Mwana wa zaka 8 ndi mwana. Mukamusiyira khanda maola anayi mukuyembekezera chiyani? Woyenera kumenyedwa pamenepa si Tadala ayi.

Make Tadala: Ndamva a Nasibeko. Koma tomato ndikapanda kugulitsa madzulo amenewo, mawa wavunda, ndipo ndiwo za tsiku limenelo zichokera komweko. Kumsewuko fumbi ndi utsi wa magalimoto, mwana anadwalako chifuwa ali ndi mwezi umodzi, n'chifukwa chake ndinasiya kupita naye. Sindimusiya ndi Tadala yekha, aneba amakhala ali pakhonde pawo. Kungoti nawonso ali ndi zawo.

Anaphiri: Ana inu mumandiseketsa. Ife tinabereka ana 7, onse anayamba phala lamadzimadzi ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo lero ndi madoda ndi ntchembere. Mwana akamalira kwambiri ndiye kuti bere lokha silikumukwana. Tadalayo waona chomwe inu simumachiona. Mupatseni phala la ufa woyera losefa bwino, agona tulo. Mawu a akulu akoma akagonera.

Nangondo, namwino: Ndangotuluka kumene ku ntchito, ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Make Tadala, choyamba mtima pansi. Mwana wanu sanawonongeke. Siyani phalalo lero lomwe ndipo bwererani ku bere lokha mpaka akwanitse miyezi 6. Palibe zoti wazolowera. Palibenso chifukwa chomumwetsa mankhwala otsuka m'mimba, a m'sitolo kapena achikuda. Muyamwitseni pafupipafupi, kosachepera ka 8 pa usana ndi usiku, ndipo usiku musamumane. Ulesi womwe mukuuona masanawo ndi wa phala lomwelo: kamimba kake n'kakang'ono, phala likakhalamo malo a mkaka palibe. Ndiye poti bere limapanga mkaka molingana ndi momwe mwana akuyamwira, akamayamwa pang'ono mkaka umachepa, iye n'kumalira, inu n'kumati mkaka wanga sukukwana, n'kuwonjezera phala. Amayi ambiri amagwera m'dzenje limeneli osadziwa pomwe zinayambira.

A Anaphiri, ulemu wanu amayi. N'zoona ana anu anakula. Koma phala la ufa woyera lamadzimadzi ndi madzi ndi ufa basi, mwana amakhuta koma thupi silipezamo zomwe likanapeza mu mkaka wa mayi ake. Amagona chifukwa m'mimba mwalemera. Komanso matumbo a mwana wosakwana miyezi 6 amakhala asanakhwime, ndipo phala limabwera ndi zake: madzi omwe aphikira, kapu yomwe latsalamo kuyambira m'mawa, chala chomwe chagwira choko ndi dothi. Kumeneko n'komwe kumachokera kutsegula m'mimba.

Thamangirani kuchipatala, ngakhale usiku, mukaona izi: wakana bere, akusanza chilichonse, watentha thupi, akupuma mothamanga kapena mobanika, chimbudzi chili ndi magazi, liwombo kapena maso zalowa, wafooka moti sakudzuka bwino, kapena wakomoka. Ngati palibe chimodzi mwa izi, pitani naye kusikelo sabata ino akamuyeze, ndipo mukawauze zoona zonse. Sakakudyani.

Anaphiri: A nesi, nanga kukatentha ngati mu Okutobala muno, mwana osamwa ndi madzi omwe?

Nangondo, namwino: Ndi madzi omwe amayi. Mkaka wa m'mawere gawo lake lalikulu ndi madzi, kuposa magawo 80 pa 100 alionse. Kukatentha mwana amangoyamwa kawirikawiri. Madziwo amwe ndi mayi ake. Mukafuna kudziwa ngati akukhuta, werengani matewera: akamakodza ka 6 kapena kuposa patsiku, mkodzo wosachita chikasu kwambiri, ndipo mzere wa m'kabuku ka kusikelo ukukwera, ndiye kuti zili bwino.

Anaphiri: Chabwino. Ine n'kale langa. Koma ndinenepo chimodzi chomwe achipatala simunena. Kale mayi akapita kumunda, khanda limapita naye kumbuyo, mlezi n'kumakhala nalo pansi pa mtengo m'mbali mwa munda. Likalira, mayi amasiya khasu n'kudzayamwitsa. Mlezi ntchito yake inali kubereka ndi kuyimbira, osati kudyetsa. Masiku ano mayi ali ku Limbe, mwana ali ku Bangwe. Ndiye mlezi atani?

Nabanda wa ku 25: Apa mwalasa amayi. Ine ndinali Tadala. Ndili ndi zaka 9, kwathu ku Ntcheu, mayi ankapita kukagwira ganyu nthawi ya njala ya 2002, n'kundisiyira mlongo wanga wa miyezi inayi. Munthu amene sanakhalepo yekha ndi khanda lolira ali mwana sangamvetse. Umabereka, umavina, umayimba nyimbo zonse zomwe umadziwa, umamuonetsa nkhuku, iye osasiya. Amalira mpaka mawu kutha, kungotsala kukamwa kuli yasa. Umayamba kuopa kuti afera m'manja mwako ndipo anthu adzati ndiwe. Tsiku lina ndinatenga mkute, n'kuufewetsa ndi madzi a mu mtsuko, n'kumupaka pa lilime. Anakhala chete. Ndinadziona ngati ndapulumutsa munthu. Ndinachita choncho masiku angapo mpaka anatsegula m'mimba koopsa, anakagona naye kuchipatala sabata yathunthu. Anachira, pano ndi bambo wa ana awiri. Koma mayi anga mpaka anamwalira osadziwa chomwe chinachitika, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikanena ndiona zakuda. Madokotala ankafunsa kuti mwanayu wadya chiyani, mayi n'kumalumbira kuti bere lokha, ine ndili poteropo duu.

Make Tadala, mwana wanu wakuuzani zoona. Mukamulanga chifukwa cha zoonazo, ulendo wina chikadzachitika china adzatseka pakamwa ngati ine. Ndipo taganizani: mwana wa zaka 8, njala ya kusukulu mukuidziwa, n'kumamwa theka la phala lake kuti mng'ono wake adyeko.

Make Tadala: A Nabanda mwandiliza. Zoti amadzimana sindinaziganizire n'komwe. Ndimangodabwa kuti masiku ano akafika kunyumba amathamangira m'mphika.

Aphunzitsi a Sitandade 2: Zoti ana amasunga phala timaziona tsiku ndi tsiku. Ena amathira m'botolo la Sobo, ena m'kajumbo. Ukawafunsa amati n'kwa mwana wa kunyumba. Nthawi zambiri amanena wa zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye timangoyang'ana kumbali, poti tikudziwa momwe zinthu zilili m'makomomu. Sindinaganizepo zofunsa kuti mwanayo ndi wa miyezi ingati. Mawa ndikawafunsa. Phala lija ndi la chimanga ndi soya, ndi labwino kwa mwana woti wayamba kudya, koma lophikidwa 7 koloko m'mawa n'kudyedwa 3 koloko masana, kutentha kuno, ngakhale wamkulu likhoza kumupweteka.

Bambo a Yankho: Ndiloleni ndilowererepo ngakhale gululi ladzaza amayi. Ine yanga ndi ya kutsamwa, chifukwa aliyense akukamba za m'mimba. Wathu wachiwiri ali ndi miyezi 5, tinali tonse pakhomo Loweruka, ine ndikukonza njinga, mayi ake akuchapa kuseri. Yankho, wa zaka 4 nthawi imeneyo, amadya mtedza wokazinga pamkeka pomwe tinagoneka mwana. Sindinamve kulira kulikonse. Chomwe ndinamva ndi Yankho akuti, "Adadi, mwana akupanga nkhope yoseketsa." Kucheuka, mwana maso ali tong'o, pakamwa pali pululu, mawu osatuluka, milomo ikuda. Ndinafuna kupisa chala kukhosi, mwamwayi mlamu wanga amene anaphunzirako za chithandizo choyamba anali pompo. Anandikankha, n'kumugoneka mwana chafufumimba pa mkono wake mutu uli chotsika, n'kumumenya ndi chikhatho pakati pa mapewa. Kachitatu, kambewu ka mtedza kanagwera pa mkeka, kenako kulira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumene kuja. Yankho atafunsidwa anati, "Amandiyang'ana ndikamadya, ndiye ndinamugawira." Ndife tomwe tinamuphunzitsa kuti kumana n'koipa.

Nangondo, namwino: Alamu anuwo anachita zenizeni. Aliyense asunge izi. Mwana wosakwana chaka akatsamwa moti sakutha kulira kapena kutsokomola: mugonekeni chafufumimba pa mkono wanu, mutu chotsika, mutagwira chibwano, mumenyeni ka 5 pakati pa mapewa ndi tsinde la chikhatho. Chikapanda kutuluka, mutembenuzeni chagada n'kudina pakati pa chifuwa ka 5 ndi zala ziwiri. Muzisinthasintha choncho wina akufuna thandizo. Musapise chala ngati chinthucho simukuchiona, mumangochikankhira mkati. Akamatsokomola yekha mwamphamvu musiyeni atsokomole. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, mbuliwuli, maswiti, zonsezi zisamakhale pomwe pali khanda. Uchinso osamupatsa mwana asanakwane chaka, ngakhale kungomunyambititsa.

Zitenje Zotchipa: Amayi zitenje zafika zatsopano, Java ndi Chiganvu, komanso matewera ochapa. Ndipezeni ku inbox.

Admin: Mayi a zitenje, malonda ndi Lachisanu. Ndachenjeza kachiwiri.

Nyajere: Kwathu ku Mzimba nkhani si ana okha. Mwana akangobadwa agogo ake aakazi amabwera ndi mzuwula, madzi a mizu ndi masamba oti amuteteze, kenako dawale, madzi enanso a zitsamba. Mkamwana sungatsutse apongozi pamudzi pawo. Ndiye ana aakuluwo amaona zonsezi. Mwana wa mchimwene wanga anapezeka akumwetsa khanda madzi a m'chikho ndi kasupuni, atafunsidwa anati akupanga ngati agogo. Tisamangokalipira ana, amatengera zomwe manja a akulu akuchita. Ngakhale inu nomwe mukamanyambititsa mwana msuzi pa chala kuti tione ngati aukonde, dziwani kuti pali maso awiri akujambula.

Make Pempho ku Joni: Kuno ku Johannesburg n'chimodzimodzi, kungosiyana zakudya. Ambirife timagwira ntchito m'nyumba za anthu, kuchoka 5 koloko m'mawa kubwera mdima. Mnzanga wina anapeza mwana wake wa zaka 10 akuthira Cerelac, phala la ana logula m'sitolo, m'botolo la mkaka la khanda la miyezi iwiri, atakulitsa bowo la nsonga ndi singano kuti zizituluka. Anaonera kwa mayi wina wa pa yadi pomwepo. Mwana ameneyo akuphika, akuchapa, akulera, homuweki akulemba khanda lili kumbuyo. Ine ndimati tikamakamba za kuyamwitsa mwakathithi tizikambanso kuti mayiyo akhala pakhomo ndi ndalama ya ndani.

Nachisale: Ndi zomwe ndimafuna kunena. Lamulo la ntchito kwathu kuno limapereka masabata 8 a tchuthi cha uchembere, kamodzi pa zaka zitatu. Achipatala akuti miyezi 6. Masabata 8 ndi miyezi iwiri. Inayi yotsalayo mwana aziyamwa kwa ndani? Ndipo amenewo ndi olembedwa ntchito. Wa geni ngati Make Tadala tchuthi amadzipatsa yekha, ndipo tsiku lomwe wapuma ndi tsiku lomwe sadya.

Nangondo, namwino: Simukunama. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2010 anapeza kuti ana 71 pa 100 alionse osakwana miyezi 6 amayamwa bere lokha. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 61. Tinatsika, chonsecho uthenga uli ponseponse, pa wailesi, kusikelo, sabata yoyamba ya Ogasiti chaka chilichonse. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Amayi akudziwa. Koma uthengawo timauza mayi yekha, pomwe masana mwana ali m'manja mwa agogo, wantchito kapena mkulu wake, anthu omwe sitinawaonepo pa benchi ya kusikelo.

Make Tadala, kwa maola anayi anuwo njira ilipo: kufinya mkaka. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani kapu yokhala ndi chivindikiro, muitsuke n'kuithira madzi owira. Chala chachikulu pamwamba pa bwalo lakuda la bere, cholozera pansi pake, kankhirani chakuchifuwa kenako finyani, kusiya, kufinya, muzizungulira bere lonse. Masiku oyamba mutuluka wochepa, musataye mtima. Kutentha kuno mkakawo usapitirire maola 4 uli panja, muuike pamalo pozizira, pamthunzi. Muyamwitseni mpaka akhute musananyamuke, wofinyawo amwe cha m'ma 4 koloko, mukafika bere. Womwetsa akhale wamkulu, anebawo, osati Tadala. Amukhazike mwana chotsamira, kapu ingokhudza mlomo wam'munsi kuti azipsontha yekha, osathira m'kamwa. Botolo ayi, kutsuka kwake n'kovuta.

Make Tadala: Zofinyazi ndimazimva koma ndimachita nazo manyazi. Anthu amati mkaka ukatuluka m'bere umasasa. Anebawo ndi achikulire, sindikudziwa ngati angavomere kugwira mkaka wa munthu.

Anaphiri: Ine sindingagwire, ndisaname. Koma mdzukulu wanga amachita zomwezo ku Lilongwe, ndipo kamwana kake kali dununu. Kawafunseni mwaulemu, muwatengereko tomato.

Admin: Uthenga uwu wabwera kumbali, mwini wake sakufuna kutchulidwa: "Ine ndimamwa ma ARV ndipo ndikuyamwitsa wa miyezi inayi. Nanenso ndinapeza mwana wa mchemwali wanga akumumwetsa thobwa. Ndili ndi mantha. Kodi ndamupatsira?"

Nangondo, namwino: Mayi, mwachita bwino kufunsa. Kusakaniza bere ndi zakudya zina mwana asanakwane miyezi 6 kumawonjezera mpata woti kachilombo kadutse, n'chifukwa chake timalimbikira kwambiri za bere lokha. Koma chitetezo chachikulu cha mwana wanu ndi mankhwala omwe mukumwawo. Ngati mukumwa tsiku lililonse osadumphitsa ndipo tizilombo tili tochepa m'magazi, mpatawo ndi wochepa kwambiri. Musasiye kuyamwitsa chifukwa cha mantha, ndipo musasiye mankhwala. Pitani komwe mumalandira mankhwala mawa, mukafotokoze zomwe zachitika, aone ngati mwana akumwa mankhwala ake moyenera komanso tsiku lomwe akuyenera kuyezedwanso. Ana a pakhomopo simukuyenera kuwauza chifukwa chake, lamulo lingokhala limodzi kwa onse: mwanayu sadya kanthu.

Bambo a Yankho: Funso kwa bambo a Tadala, ngati mungawaonetse. Akuti vuto ndi inu. Iwowo 2 koloko mpaka 6 koloko amakhala ali kuti?

Make Tadala: Amayendetsa kabaza. Nawonso madzulo ndi pomwe pali makasitomala.

Bambo a Yankho: Ndiye ali ndi njinga. Sangakutengeni 4 koloko kudzayamwitsa mphindi 20 n'kukubwezani? Ulendo umodzi wokha wataya.

Nasibeko: Kkkkk apa ndiye mwawagwira pakhosi. Make Tadala, mundikhululukire ndinayamba ndi ukali. Nanenso ndine woyamba kubadwa, ndinalera ana 5 a mayi anga, sukulu ndinasiyira Sitandade 6 chifukwa cha zomwezi. Ndikamva mwana wamkazi akusenzetsedwa khanda magazi amandiwira.

Nabanda wa ku 25: Za Tadala, musangomuletsa n'kusiyira pomwepo. Mwana akalira iye atani? Mupatseni zochita zitatu kapena zinayi: aone thewera, amubereke n'kuyenda naye pamthunzi, amuyimbire, zikakanika akaitane aneba kapena athamange kudzakuuzani. Ndipo mumuuze chifukwa chake m'mawu oti amve. Wanga ndinamuonetsa chibakera cha khanda n'kumuuza kuti kamimba kake n'kochepa chonchi, ndipo mkati mwake ndi mofewa ngati m'kamwa mopanda mano. Anamva. Kungoti "usamupatse" amaona ngati mukumumana mng'ono wake.

Aphunzitsi a Sitandade 2: Ndafunsa lero m'kalasi mwanga kuti ndani ali ndi khanda kunyumba lomwe silinayambe kukhala pansi. Manja anakwera ambiri ndithu. Nditafunsa kuti ndani analipatsako chakudya, anayamba kuyang'anana, kenako wina anati nthochi, wina tiyi, wina anati anangomunyambititsa friizi. Mnyamata wina anati iye amapatsa mwana wawo makamba chifukwa amasungunuka okha. Onse amanena monyadira, ngati akuyembekezera kuti ndiwaombere m'manja.

Make Tadala: Ndabweranso amayi, patha masiku 6. Lachinayi ndinapita kusikelo, ndipo ndinamutenga Tadala, anajomba kusukulu tsiku limenelo, aphunzitsi mundikhululukire. Mwana akulemera makilo 6, mlangizi anati mzere uli bwino, kungoti mwezi uno sanakwere kwambiri ngati miyezi yapitayi. Nditafotokoza, Tadala anabisala kumbuyo kwanga. Mlangiziyo sanamukalipire, anamuitana kuti awerenge nambala ya pa sikelo n'kumuuza kuti mwezi wamawa adzabwerenso adzaone ngati yakwera. Usiku wake ndinamupepesa. Sindinapepesepo mwana chibadwire, mawu amakanirira pakhosi.

Zofinya ndayamba, tsiku loyamba munangotuluka tosadzaza ndi pansi pa kapu pomwe, pano ukufika theka. Anebawo anakana masiku awiri, lachitatu anavomera atamva mwana akulira. Bambo ake ananditengako ndi njinga kawiri, akudandaula njira yonse za mafuta. Chimbudzi chabwerera chachikasu chofewa chija.

Tadala wayambanso kumubereka. Tinatenga kalendala ya kutchalitchi n'kuzunguliza tsiku lomwe mng'ono wake akwanitse miyezi 6, ndipo ndamulonjeza kuti supuni yoyamba ya phala la nsinjiro adzamupatsa ndi iyeyo, ine ndili pompo. M'mawa uliwonse akumadula tsiku limodzi ndi pensulo. Phala la kusukulu akubwerabe nalo theka, akuti anazolowera. Dzulo ndinamupeza akumwera kuseri kwa chitseko atayang'ana kukhoma. Nditamufunsa anati sakufuna kuti mwana amuone, angasirire.